Phunziro la mwezi uno: Maca, gondolosi ndi nkhani ya "mphamvu za kuchipinda"

Kwa atsogoleri a magulu

Phunziroli ndi la ola limodzi ndi theka. Mmodzi aziwerenga mokweza ndipo muziima pakutha pa mutu uliwonse kuti anzanu afunse. Ngati ena akuchita manyazi, anyamata ndi atsikana akhoza kuyamba akambirana paokha, kenako n'kukumana pamodzi. Wina akafunsa funso tisamuseke. Paja safunsa anadya phula.

Zolinga

Pakutha pa phunziroli tikhale titatha:

1. kufotokoza kuti maca ndi chiyani ndipo amachokera kuti;
2. kusiyanitsa zimene kafukufuku anapeza ndi zimene ogulitsa amanena;
3. kutchula zoopsa zimene zimabisala m'mankhwala ogula pamsika;
4. kudziwa kopita tikakhala ndi vuto lokhudza kugonana kapena kubereka.

Poyambira

Tonse tinaonapo munthu woyenda ndi mitolo ya mizu pa tsiku la msika ku Ntaja, pa depoti ya Liwonde kapena pa Balaka. Ife a kuno kwa Ngokwe timamuonanso m'madooko a nyanja ya Chiuta, makamaka nsomba zikamaphedwa zambiri ndipo ndalama zili m'matumba. Mizu yotchuka kwambiri ndi gondolosi. Masiku ano pabweranso dzina lina lachilendo, maca. Ena aliona pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena alimva kwa abale obwera kuchokera ku Joni. Amagulitsidwa ngati ufa kapena makapisozi, ndipo olengeza malonda amati amawonjezera chilakolako, amachulukitsa umuna, amathandiza kubereka, ndiponso amakulitsa mbina ya atsikana.

Nkhaniyi imakambidwa monong'ona, koma ikutikhudza. Mnyamata amene akukayika za thupi lake ndi wosavuta kumudyera ndalama. Banja latsopano limene latha chaka popanda mwana limamva zambiri kwa anansi. Anthu oterewa akathamangira mizu amataya ndalama, komanso amachedwa kupeza thandizo lenileni. Ena amafika poika moyo pachiswe pofuna "kuyesa" ngati mankhwalawo akugwira ntchito.

Kodi maca ndi chiyani?

Maca ndi mbewu ya m'dziko la Peru ku South America. Akatswiri a zomera amaitcha Lepidium meyenii, ndipo ndi ya m'banja limodzi ndi mpiru, kabichi ndi repu. Imalimidwa m'mapiri a Andes, makamaka m'dera la Junín, pamalo okwera mamita pafupifupi 4,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuti timvetse, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yokwera mamita 3,002 okha. Kumeneko kumazizira kwambiri moti mbewu zambiri sizimera.

Chimene amakolola ndi tsinde lonenepa la pansi pa nthaka, lokhala ngati kambatata kozungulira. Lilipo lachikasu, lofiira ndi lakuda. Kwa eni ake, maca ndi chakudya. Amaliyanika padzuwa, n'kumaliwiritsa kapena kuphika phala, monga momwe ife timasungira makaka a chinangwa. Anthu a kumeneko akhala akukhulupirira kuyambira kale kuti limathandiza anthu ndi ziweto kubereka. Chikhulupiriro chimenechi ndi chimene amalonda anachitenga n'kuchifalitsa dziko lonse.

Mawu atatu oti tisawasokoneze

Ogulitsa amaphatikiza zinthu zitatu m'mawu amodzi akuti "mphamvu". Tiyeni tizilekanitse.

*Chilakolako* ndi kufuna kugonana. Chimayambira m'maganizo ndipo chimasintha munthu akatopa, akakhala ndi nkhawa, akadwala kapena akakangana ndi mnzake.

*Kubereka* ndi kutha kupereka kapena kutenga mimba. Kwa mwamuna zimadalira kuchuluka kwa mbewu za mu umuna ndi mmene zikuyendera. Kwa mkazi zimadalira dzira, njira zimene dziralo limadutsa, ndi chiberekero. Mwamuna akhoza kukhala ndi chilakolako chochuluka koma osabereka. Wina akhoza kukhala wofatsa koma wobereka bwinobwino.

*Mahomoni* ndi timadzi timene thupi limapanga lokha n'kutumiza m'magazi kuti tikauze ziwalo zochita. Testosterone ndi amene amachititsa kuti mnyamata amere ndevu ndi kusintha mawu. Estrogen amathandiza pa kukula kwa mtsikana ndi kayendedwe ka msambo. Achinyamata ambiri athanzi amakhala ndi mahomoni okwanira, ndipo safunika owonjezera.

Kodi kafukufuku anapeza chiyani pa maca?

Kafukufuku wambiri woyamba anachitika ku Lima, likulu la Peru, motsogozedwa ndi Dr. Gustavo Gonzales wa pa yunivesite ya Cayetano Heredia.

*Pa chilakolako.* M'chaka cha 2002 gulu lake linafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amuna oposa 50 a zaka 21 mpaka 56. Ena anapatsidwa maca tsiku lililonse, magalamu 1.5 kapena 3, kwa masabata 12. Ena anapatsidwa mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala. Pofika sabata ya 8, amene ankamwa maca ananena kuti chilakolako chawo chawonjezekako. Tionetsetse zinthu ziwiri. Choyamba, panadutsa miyezi iwiri, osati usiku umodzi. Chachiwiri, chilakolako sichiyezedwa ndi makina. Amangomufunsa munthu mmene akumvera.

*Pa mahomoni.* Magazi a amunawo atayezedwa, testosterone ndi mahomoni ena okhudza kubereka sanasinthe. Ku Australia mu 2008, amayi 14 amene anasiya kusamba anapatsidwanso maca, ndipo mahomoni awo sanasinthe. Choncho amene amati maca "amakweza testosterone" akunena zosemphana ndi zimene zinapezeka mwa anthu.

*Pa vuto la kusadzuka kwa abambo.* Ku Italy mu 2009, amuna 50 amene anali ndi vutoli pang'ono anagawidwa pawiri. Amene anamwa maca anapezako bwino pang'ono. Koma amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala aja nawonso ananena kuti apezako bwino. Apa tikuona mphamvu ya maganizo. Munthu akakhulupirira kuti wamwa chinthu chothandiza, mantha amachepa ndipo thupi limamasuka.

*Pa umuna.* Mu 2001 ku Lima, amuna 9 anamwa maca kwa miyezi inayi ndipo mbewu zawo zinaoneka kuti zachuluka. Koma amuna 9 ndi ochepa kwambiri, sangakwane n'timu imodzi ya mpira, ndipo panalibe gulu lina lofananitsa nalo. Komanso kuchuluka kwa mbewu pa makina oyezera ndi nkhani ina, kubadwa kwa mwana ndi nkhani inanso.

Mu 2010 akatswiri ena anasonkhanitsa kafukufuku yense wa maca ndi kugonana amene anachitika motsatira ndondomeko yoyenera. Anapeza anayi okha, onse a anthu ochepa, ndipo anati umboni wake ndi wochepa moti sitingamange nawo mfundo. Za kukulitsa mbina kapena maliseche a abambo, palibe kafukufuku wa anthu amene anasonyeza zimenezo.

Nanga gondolosi wathu?

Gondolosi ndi chomera choyanga chimene akatswiri amachitcha Mondia whitei. Chimapezeka m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo mizu yake yonunkhira imatafunidwa kapena kusinjidwa n'kuthira m'phala kapena mu tiyi. Dr. Fanuel Lampiao wa ku sukulu ya zaudokotala ku Blantyre ndi anzake anafalitsa kafukufuku mu 2008 wosonyeza kuti madzi a mizuyi akathiridwa pa umuna m'kabotolo ka mu labotale, mbewu zimayenda mwamphamvu. Ku Cameroon, ofufuza ena anapeza mu 2001 kuti makoswe amene anamwetsedwa mizuyi yambiri kwa masabata angapo anachepa mphamvu yobereka, ngakhale kuti inabwerera atasiya kuwamwetsa.

Tikuphunzirapo chiyani? Kabotolo si munthu, ndipo khoswe si munthu. Zotsatirazi zikutiuza kuti m'mizuyi muli zinthu zogwira ntchito m'thupi, ndipo chinthu chogwira ntchito chimafuna mlingo. Wogulitsa pamsika sayeza mlingo. Amangoti "supuni imodzi", kaya ndinu wonenepa kapena woonda, kaya mukumwa mankhwala ena kapena ayi.

Sitikunyoza zitsamba. Mankhwala ambiri a kuchipatala anachokera ku zomera, kuphatikizapo kwinini ndi LA amene timamwa tikadwala malungo. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewo anayesedwa pa anthu ambirimbiri, mlingo wake unadziwika, ndipo zovuta zake zinalembedwa. Kutchuka kokha si umboni. Akuluakulu athu akukumbukira chaka cha 1995, pamene chinamtindi cha anthu chinakhamukira m'boma lathu lino la Machinga kukamwa mchape kwa a Billy Chisupe pokhulupirira kuti uchiza Edzi. Anthu anabwera ochuluka zedi, koma mchape sunachotse kachilombo m'thupi la munthu.

Choopsa choyamba: zimene zabisidwa m'paketi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Paketi ikhoza kulembedwa kuti "zachilengedwe" pamene m'kati mwathiridwa mankhwala a kuchipatala. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, lakhala likupeza mobwerezabwereza mankhwala a sildenafil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Viagra, atabisidwa mu zinthu zotere. Zinachitikanso kwathu kuno. Mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola m'dziko la Zambia chinaletsedwa ku Malawi ndi ku Zambia komweko chitapezeka kuti chili ndi sildenafil. Nkhaniyi inaphulika bambo wina wa ku Uganda atadandaula kuti atamwa chakumwacho maliseche ake anakhala chidzukire kwa maola ambiri.

Sildenafil ndi mankhwala enieni ndipo amathandiza anthu ena akaperekedwa ndi dokotala. Koma kumwa mosadziwa n'koopsa. Kwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima, kuthamanga kwa magazi kukhoza kutsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka. Kwa amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, sildenafil amachedwa kutuluka m'thupi ndipo mphamvu yake imachuluka mopitirira muyezo. Tidziwe ichi: ngati ufa "wachilengedwe" ukugwira ntchito pasanathe ola limodzi, tikayikire kuti mwina muli chinthu china, chifukwa m'kafukufuku maca anatenga masabata. Maliseche akakhala chidzukire kupitirira maola anayi, munthu athamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Akachedwa chifukwa cha manyazi, mphamvu yomwe ankaifunayo ikhoza kutheratu.

Choopsa chachiwiri: kuchedwa kupeza thandizo

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake. A chipatala amayamba kufufuza ngati banja latha miyezi 12 likukhalira pamodzi osalera koma mimba osabwera. Vuto likhoza kukhala kwa mkazi, kwa mwamuna, kapena kwa onse awiri. N'kulakwa kuloza chala mkazi yekha monga timachitira kawirikawiri m'midzi mwathu.

Zina mwa zimene zimayambitsa kusabereka ndi zopeweka ndiponso zochizika zikadziwika msanga. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana akapanda kuchizidwa amatseka njira za dzira mwa mkazi ndi njira za umuna mwa mwamuna. Atsikana ambiri sadziwa kuti ali nawo chifukwa nthawi zina saonetsa zizindikiro. Likodzo nalo, limene ife okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'madimba a mpunga timalitenga ngati matenda wamba, limawononga ziwalo zoberekera. Mwa amayi limabweretsa zilonda za m'kati zimene zimapereka mpata kwa kachilombo ka HIV. Mankhwala ake, praziquantel, alipo kuchipatala. Palibe muzu wa maca kapena gondolosi umene ungatsegule njira yotsekeka ndi chinzonono.

Vuto la kusadzuka nalo limakhala ndi gwero lake. Kwa achinyamata kawirikawiri ndi mantha, kutopa, mowa, chamba kapena fodya. Kwa akuluakulu likhoza kukhala chizindikiro choyamba cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Munthu akamangotafuna mizu, matendawo amakhala akukula mwakachetechete.

Pali chinanso. Mabanja ena mwana akachedwa amalowetsa fisi, kapena mwamuna amapita kunja kukayesa ngati angapereke mimba kwa mkazi wina. Njira zonsezi ndi zogonana popanda kondomu ndi munthu amene sitikudziwa mmene magazi ake alili.

Choopsa chachitatu: kufuna kudzionetsa

Tinene mosabisa. Anyamata ambiri amene amagula mizu alibe vuto lililonse. Amagula chifukwa cha nkhani za pa bawo ndi za padooko, pamene aliyense amadzitama ndipo palibe amene amavomera kuti nayenso amachita mantha. Akamwa, amafuna kukayesa. Ena amawonjezera ndi kachasu, ndipo pamenepo kondomu imaiwalika. Kugonana kokhalitsa kapena kwankhanza kumachititsa timabala ting'onoting'ono, ndipo kachilombo kamalowera pamenepo.

Kafukufuku wa dziko lonse wa MPHIA wa mu 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV ku Malawi, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Maca sateteza ku HIV. Gondolosi sateteza ku chindoko kapena mimba yosakonzekera. Zimene zimateteza tikuzidziwa: kudziletsa, kukhulupirika kwa munthu mmodzi amene tayezetsa naye magazi, kugwiritsa ntchito kondomu moyenera nthawi zonse, ndi mankhwala a PrEP kwa amene ali pachiopsezo. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata woti mwamuna atenge kachilombo ndi pafupifupi 60 pa 100 iliyonse, koma suchotsa kufunika kwa kondomu. Ngati kondomu yaphulika kapena wina wagwiriridwa, apite kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire PEP.

Mawu kwa anzathu amene akumwa ma ARV

Ena mwa ife tili ndi kachilombo ndipo tikulakalaka kudzakhala ndi banja ndi ana. Zimenezi n'zotheka. Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo osaonekanso poyeza magazi, sapatsira mnzake HIV pogonana, ndipo mayi wotsatira malangizo a kusikelo amakhala ndi mwayi waukulu wobereka mwana wopanda kachilombo. Ngati mukuona kuti chilakolako chachepa, musasiye mankhwala ndipo musawasinthanitse ndi zitsamba. Kafotokozeni kuchipatala. Ngati pali ufa, mizu kapena mapiritsi ena amene mukumwa, atengeni mukawaonetse. Ngakhale mapiritsi owonjezera magazi ndi ena a m'mimba amafuna malangizo a kamwedwe kake kwa munthu amene akumwa dolutegravir.

Sewero lalifupi

Sankhani anthu atatu: wogulitsa, mnyamata amene akwatire posachedwa, ndi mchemwali wake wamkulu. Yambani chonchi, kenako mupitirize nokha.

*Wogulitsa:* Achimwene, tabwerani kuno. Ndamva kuti ukwati uli pafupi. Awa ndi ochokera kunja, mukamwa madzulo alamu athu sadzayang'ananso kwina.

*Mnyamata:* Ndi zingati, bambo? Komatu musauze munthu.

*Mchemwali:* Iwe, ndalama ya malata ija ukufuna kuithera pamenepa? Pepani bambo, tatiuzani, mu ufawu muli chiyani? Anauyeza ndani?

*Mnyamata:* Achemwali, nkhani izi si zanu. Anzanga onse amamwa.

*Mchemwali:* Anzakowo ndi amene adzakunyamule zikakuvuta? Vuto lako n'chiyani kwenikweni, kapena ndi mantha chabe?

Mukamaliza, oonerera anene zimene mnyamatayo akanachita m'malo mogula, ndiponso munthu amene akanakamba naye.

Mafunso asanu ofunsa tisanagule

1. Kodi ndili ndi vuto lenileni, kapena ndikungomvera anzanga?
2. Kodi m'paketimu muli chiyani, ndipo pali dzina la wopanga ndi tsiku lotha ntchito?
3. Kodi ndi zovomerezedwa ndi bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA kapena la Malawi Bureau of Standards?
4. Kodi akuti zimachiza matenda angati? Mankhwala amodzi ochiza chilichonse ndi okayikitsa.
5. Kodi ndakamba ndi mlangizi wa zaumoyo, namwino kapena dokotala?

Zokambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani mnyamata amamasuka kwa wogulitsa mizu kuposa kwa namwino? Gulu lathu lingachitepo chiyani?
2. M'mudzi mwathu banja likachedwa kukhala ndi mwana, anthu amaloza ndani? Tingawayankhe bwanji mwaulemu?
3. Kodi atsikana amakakamizidwa bwanji kusintha matupi awo? Ndani amapindula?
4. Kodi "mwamuna weniweni" ndi wotani? Lembani mayankho onse pa bolodi, kenako muchonge amene angagulidwe pamsika.

Ntchito ya mwezi uno

Anthu awiri apite ku chipatala cha Ngokwe, kapena chimene chili pafupi ndi gulu lanu, akafunse masiku ndi nthawi imene achinyamata amathandizidwa, kumene makondomu amapezeka, ndiponso ngati vuto la kusabereka amaliona pomwepo kapena amatumiza ku chipatala chachikulu cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Apemphenso mlangizi wa zaumoyo kuti adzabwere pa msonkhano wotsatira. Konzani bokosi loti aliyense aponyemo funso lake osalemba dzina, ndipo mlangiziyo adzayankhe pamaso pa onse.

Tikumbukire

- Maca ndi chakudya cha ku Peru. Umboni woti amawonjezera chilakolako ndi wochepa, ndipo m'kafukufuku wa anthu sanasinthe mahomoni.
- Chilakolako, kubereka ndi mahomoni ndi zinthu zitatu zosiyana.
- Mawu akuti "zachilengedwe" satanthauza kuti chinthu ndi chosaopsa.
- Banja likatha chaka popanda mimba, onse awiri apite kuchipatala limodzi.
- Palibe muzu umene umateteza ku HIV. Tikayezetse magazi, tidziwe mmene tilili, ndipo vuto lililonse la m'thupi tikalinene kumene angaliyeze.